Mita ndi ya ndani? Funsani kaye musanapereke dipoziti ya chipinda ku Joni

Munthu akamasaka chipinda kuno ku Joni mafunso amakhala omwe aja, lendi ndi zingati, ma taxi akwerera pati, kuli akuba kapena ayi, landilodi amalola alendo ogona. Za magetsi ndi madzi timafunsa pomalizira, pena titapereka kale dipoziti, chonsecho mwezi ukamatha ndi komweko kumene ndalama yoti titumize kumudzi imathera. Ine ndimati funso loyamba lizikhala loti mita ndi ya ndani, chifukwa zonse zimene boma ndi khonsolo akhala akusintha pa magetsi ndi madzi zaka zonsezi, zabwino ndi zoipa zomwe, zimakathera pa mita. Amene dzina lake lili pa mita ndi amene amamuwerenga kuti ndi banja. Enafe a m'mabakirumu, m'magalaja, m'mikhukhu ya pa yadi ya munthu, m'mabuku mwawo mulibe dzina lathu, koma mtengo ukangokwera oyamba kulira ndife.

Pang'ono chabe za kumene zinachokera kuti za m'munsimu zimveke. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 khonsolo ya Johannesburg inali pa mavuto aakulu a ndalama, nde anabwera ndi pulani yotchedwa iGoli 2002. Madipatimenti anawasandutsa makampani, magetsi akhala City Power, madzi akhala Johannesburg Water, zinyalala Pikitup. Sanagulitse ayi, mwini wake ndi khonsolo yomweyo, koma anauzidwa kuti aziyenda ngati bizinesi, azitolera ndalama, wosalipira azimudulira. Kumadziko anachita kuitana kampani ya ku France, Suez, kudzathandiza kuyendetsa kuyambira 2001 mpaka 2006. Ndipo poti osauka asavutike kwambiri boma linaika madzi aulere, malita 6,000 pa nyumba pa mwezi kuyambira 2001, kenako magetsi aulere 50 kWh mu 2003. Nde kusinthako kunabwera ndi manja awiri, lina lotolera lina lopatsa, koma lotolera ndi lalitali limafika mpaka kuseri ku bakirumu pomwe lopatsa limathera pakhomo la nyumba yaikulu.

Chinanso dziwani amene amagulitsa magetsi kudera kwanuko. Hillbrow, Yeoville, Mayfair, Rosettenville, Turffontein ndi City Power. Mbali yaikulu ya Soweto, Orange Farm, Diepsloot, Ivory Park ndi Eskom mwachindunji. Mitengo imasiyana, malamulo amasiyananso, nde m'bale wanu wa ku Diepsloot akamatchula mayunitsi amene amapeza pa R100 musamutsutse poti sakufanana ndi anu a ku Turffontein. City Power nayo magetsi ambiri imagula kwa Eskom konko n'kuikapo yake pamwamba. NERSA, amene amavomereza mitengo ngati mmene MERA imachitira kwathu, italola Eskom kukweza ndi 18.65% mu 2023 kenako 12.74% mu 2024, a Eskom anazimva mu April, a khonsolo mu July. Palibe anathawa. Nde tione njira zimene ife a lendi timalipirira magetsi, imodzi ndi imodzi.

Tiyambe ndi ija yoti "zonse zili mu lendi"

Iyi obwera kumene amaikonda ndipo ndikuwamvetsa. Ukudziwa kuti pa 1 upereka zakuti basi, palibe zodzuka usiku kusaka kogula mayunitsi. Kwa mnyamata wosakwatira wochoka 5 koloko m'mawa kubwerako kutada, amene magetsi ake ndi babu limodzi, kutchaja foni ndi ketulo, njirayi siyoipa kwenikweni olo kuti mwina akulipirira anzake a firiji. Koma landilodi si wopusa, anawerengera kale, ndipo pamwamba pake amaika malamulo, hita ayi, sitovu ya mapuleti awiri ayi, giza amayatsa yekha tsiku limene akufuna kusamba iyeyo. July akafika khonsolo yakweza, lendi nayo yakwera, ndipo kawirikawiri simakwera ndendende ndi mmene magetsi akwerera, imadumphirako.

Choopsa chenicheni panjirayi ndi choti iwe walipira koma landilodi sanakapereke. Umangoona mdima, kufunsa akuti ndi load shedding, chonsecho kwa aneba kukuwala. Nkhani yotereyi inafika mpaka ku Constitutional Court mu 2009, pa mlandu wa Joseph ndi anzake a pa fulati ina ku Ennerdale amene ankalipira magetsi kwa landilodi, landilodi ngongole n'kumaunjikana ku City Power, mpaka anadzadula osawauza okhalamo. Khothi linati olo anthu a lendi alibe akaunti ndi City Power, ayenera kupatsidwa notisi ya masiku 14 asanadulidwe. Sikuti sadula, amadula ndithu, koma mpata woti mudziteteze ulipo. Ndipo ngati ndi landilodi mwini wake wakuthimitsirani dala poti mwachedwa lendi, zimenezo ndi zosaloledwa, kuli Rental Housing Tribunal ya Gauteng kumene kudandaula ndi kwaulere ndipo sikufuna loya. Ndikudziwa anzathu ambiri akangomva za ofesi amayamba kaye aganiza za pemiti, n'chifukwa chake malandilodi ena amatidyera masuku pamutu osaopa kanthu. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu ngati SERI amathandiza anthu a lendi pa milandu yotereyi, makamaka mukapita gulu la pa fulati yonse osati wekha.

Kusonkherana pa mita imodzi

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambirife tili, komanso ndi pamene chinthu chimene anachipangira osauka chimatembenuka n'kuluma osauka omwewo. Pa prepaid ya City Power mtengo uli m'masitepe. Mayunitsi 350 oyamba pa mwezi ndi otsikirapo, kuchoka pamenepo mpaka 500 akwera, kupitirira 500 akweranso. Maganizo ake ndi abwino, akuti wosauka amagwiritsa ntchito magetsi ochepa nde azilipira pang'ono, wa dziwe losambira ndi magiza awiri azilipira zambiri kuti athandizire mnzake. Papepala zikumveka. Koma mita simadziwa kuti kuseri kwake kuli makomo angati. Tiyerekeze yadi ya zipinda zisanu, chilichonse chikudya mayunitsi 150 pa mwezi, amenewo ndi ochepa ndithu, pamodzi akwana 750. Mita ikuona ngati ndi nyumba imodzi ya munthu wolemera, nde 350 okha ndi a mtengo wapansi, 150 apakati, 250 otsalawo a mtengo wapamwamba penipeni. Chipinda chilichonse chikanakhala ndi mita yake, palibe olo mmodzi akanachoka pa sitepe yoyamba. Mayi wochapa ndi kusita m'nyumba za anthu akulipira yunitsi pa mtengo wofanana ndi wa abwana ake, eti.

N'chifukwa chake mumamva anthu akuti mayunitsi a kumapeto kwa mwezi "sachedwa kutha" kapena akuti mita ikuba. Siikuba, kungoti R100 ya pa 25 ikugula mayunitsi ochepa kusiyana ndi R100 ya pa 2, poti anzanu a pa yadi agula kale otchipa aja. Masitepewo amawerengera zimene zagulidwa pa mita imeneyo m'mwezi umenewo, mwezi watsopano ukayamba zimabwerera pansi. Nde ngati mumagula mosinthana, amene amagula koyambirira kwa mwezi nthawi zonse ndi amene akupindula, wa kumapeto akulipira zambiri pa magetsi ofanana. Bola kusonkha ndalama zonse pamodzi, kapena muzisinthana masiku mwezi ndi mwezi. Ndipo ukapeza kandalama usati ndigulire miyezi iwiri pakamodzi, ukudziponya wekha pa sitepe yodula. Eskom inachotsa masitepe amenewa kwa makasitomala ake a m'nyumba mu April 2025, nde a m'madera a Eskom nkhani iyi yawapepukira, ngakhale yunitsi payokha sinatchipe.

Za mikangano sindinena zambiri, aliyense amene anakhalapo pa yadi akudziwa. June ndi July kuno kumazizira zenizeni, tili pamtunda wa mamita oposa 1,700, nde wina amabisa hita kunsi kwa bedi. Hita ya 2,000 W ukaiyatsa maola 5 tsiku lililonse pa mwezi yadya mayunitsi 300 yokhayokha, munthu mmodzi wamaliza pafupifupi sitepe yonse yotchipa ya yadi yonse. Kenako msonkhano wa Lamlungu, kulozana zala, wa ana akuti ana anga azizidwa, wosakwatira akuti ine sindikhalapo n'komwe. Ubale wa anthu ochokera boma limodzi umathera pamenepa.

Sabumita, ija landilodi amaika pa chipinda chilichonse

Iyi ndi imene yafala masiku ano m'mafulati ndi m'mayadi momwe. Landilodi amagula timamita kwa kampani yapadera, iwe umagula tokeni pa shopu kapena pa foni, ndalama imapita kwa kampaniyo, iyo n'kuchotsapo yake n'kupereka yotsala kwa landilodi kuti akalipire mita yaikulu. Ubwino wake ndi woonekeratu, wadya zako walipira zako, hita ya mnzako siikukhudza, mikangano yatha. Kwa banja la ana ang'ono lofuna kudziyang'anira lokha ine ndimaona kuti iyi iposa ziwiri zapamwambazo.

Koma musaiwale kuti sabumita si mita ya City Power kapena Eskom. Kumbuyo kwake kudakali mita imodzi ija ya masitepe, nde landilodi pofuna kuti asaluze amatchera yunitsi pa mtengo wapamwamba, kampani nayo ikudyapo pa tokeni iliyonse. Mapeto ake yunitsi ya munthu wa m'chipinda chimodzi imatha kudula kuposa ya mwini nyumba ya zipinda zinayi. Malamulo a lendi a ku Gauteng amati ngati chipinda chili ndi mita yake landilodi azilipiritsa zimene wagwiritsa ntchito basi, osapangirapo phindu, ndipo uli ndi ufulu wopempha kuona bilu. Mu 2015 khothi lalikulu linagwirizana ndi Tribunal pa mlandu wa anthu a pa fulati ina ku Hillbrow amene landilodi ankawaonjezera ndalama ina pamwamba pa magetsi mwezi ndi mwezi. Komanso vuto lija la landilodi wosapereka silinathe, iwe mayunitsi ali tho mu sabumita, khonsolo yadula panja, basi uli mumdima ndi mayunitsi ako.

Mita yakoyako

Ukapeza kanyumba kapena fulati imene ili ndi prepaid yochokera kwa City Power kapena Eskom mwachindunji, tokeni ukugula pa nambala ya mita imeneyo popanda wapakati, ndiye wapeza. Sitepe yotchipa yonse ndi yako, ngongole ya munthu wina pa yadi siikukhudza. Kwa zaka zambiri ndikanangoti iyi ndiye yopambana n'kusiyira pomwepo. Koma kuyambira July 2024 City Power inaika R200 ya mwezi ndi mwezi pa prepaid, ndi VAT ikukwana R230, akuti R70 ya sevisi ndi R130 yosamalira mawaya. Amadula ukamagula mayunitsi, uyatse usayatse. Pa chaka ndi R2,760. Kwa munthu wogula magetsi a R2,000 pa mwezi ndi kachinthu kakang'ono, kwa wogula a R300 ndiye kuti ndalama yambiri yapita asanaone yunitsi olo imodzi. Msonkho wofanana kwa onse umapweteka wa zochepa, apa sipafunika sukulu.

Chifukwa chake n'chomveka ndithu olo chikuwawa. Load shedding itafika poipa mu 2023 anthu a ndalama anathamangira sola, ndipo boma linawathandizanso, kuwabwezera 25% ya mtengo wa mapanelo mpaka R15,000 kudzera ku msonkho, kuyambira March 2023 mpaka February 2024. Amenewa ndi aja ankagula mayunitsi ambiri a sitepe yodula, aja ndalama yawo inkathandizira otsika. Atachepetsa kugula, mawaya ndi mathiransifoma akufunabe kukonzedwa chimodzimodzi, nde khonsolo inayang'ana kwa amene atsala, amene alibe denga lawolawo loikapo sola. Ndife amenewo.

Akuti osauka ovomerezeka salipira R230 imeneyi ndipo amalandira mayunitsi aulere, n'zoona. Koma kuti ukhale wosauka wovomerezeka uyenera kulembetsa ku Expanded Social Package ya khonsolo, kukalembetsanso pakapita miyezi 6, ndipo chofunika choyamba ndi ID ya dziko lino. Ndiwayamikire pamodzi, pulogalamuyi imalola ngakhale munthu wa lendi kulembetsa, sikuti eni nyumba okha. Koma wa pasipoti ya Malawi khomo limeneli ndi lotseka, olo pemiti ili bwinobwino. Nde tikamakambirana za magetsi aulere tizidziwa kuti tikukamba za aneba athu, ndipo ngakhale iwowo ambiri oyenera kulandira sanalembetse. Komanso 50 kWh ija musaione ngati ndi yambiri, hita ija ya 2,000 W imaimaliza m'maola 25.

Zokoka

Sindinamizira kuti kulibe. M'madera a mikhukhu ambiri ndi m'nyumba zolandidwa za m'tauni, zija anthu ena anazilanda n'kumatolera lendi ngati zawo, magetsi ndi okoka, anyamata aja amawatcha izinyoka amakwera pa pholo kapena kutsegula bokosi, iwe n'kumawapatsa kenakake pa mwezi. Nde musati ndi aulere, ukulipira ndithu, kungoti ukulipira munthu amene sangakupatse risiti ndipo waya ukapsa umusonkheranso. Mbiri yake ndi yaitali, ku Soweto chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 gulu la Soweto Electricity Crisis Committee linkalumikiza poyera anthu amene Eskom yawadulira, ankati Operation Khanyisa, ndipo kwa iwo inali nkhondo yolimbana ndi kusintha kuja kwa "lipira kapena tikudule". Lero zambiri zangokhala bizinesi ya anthu ochepa.

Mtengo wake weniweni umabwera mwanjira zina. Mawaya opanda chikopa akudutsa pansi pomwe ana akusewera osavala nsapato, mvula ikagwa ndiye kaya. Thiransifoma yopangidwira nyumba zowerengeka ikasenza yadi iliyonse ndi mikhukhu yake imaphulika, ndipo Eskom simathamangira kubweretsa ina kudera kumene anthu ambiri sagula, mumatha miyezi muli mumdima, ogula mokhulupirika ndi okoka omwe. Ndi kumenenso kunachokera load reduction, kuthimitsa m'mawa ndi madzulo m'madera osankhidwa. Load shedding itaima kumapeto kwa March 2024 anthu a m'masababu anapuma, a m'makomboni ambiri anapitiriza kuphika mothamanga isanakwane nthawi yothimitsa. Ndipo zija zosintha manambala a mamita a prepaid kuti apitirize kulandira tokeni, zimene tsiku lomaliza linali 24 November 2024, mizere ija inali m'maofesi, zinaululanso mamita ambiri amene anali asanagule tokeni kwa nthawi yaitali. Ukapezeka kuti mita inaseweretsedwa chindapusa cha Eskom ndi choposa R6,000, nde ukamalowa m'nyumba yoti landilodi akuti "magetsi kuno sitigula" dziwa kuti tsiku lina udzagona mumdima pa mlandu woti sunaupalamule.

Za nyumba zolandidwa ndingonena chimodzi. Nyumba ya Usindiso, ku Marshalltown, inapsa ndi moto pa 31 August 2023, anthu 76 anafa ndipo aMalawi anzathu analipo pakati pawo. Nyumbayo inali ya khonsolo, ndipo komishoni ya Jaji Sisi Khampepe inapeza kuti khonsolo inalekerera, mkati mutadzaza tizipinda ta matabwa, njira zothawira zitatsekedwa. Lendi yotchipa ya malo otero ine sindingalimbikitse m'bale wanga, olo zitavuta bwanji bola kupanikizana anayi m'chipinda cha pa yadi.

Gasi ndi kasola sizilowa m'malo mwa zonsezi koma zimachepetsa ululu, makamaka kwa a sabumita ndi osonkherana. Chimene chimadya mayunitsi ndi chilichonse chotenthetsa, sitovu, ketulo, ayironi, hita, giza. Mababu, TV ndi foni ndi zazing'ono. Nde ukasamutsira kuphika pa silinda ya gasi ya 9 kg, nyemba ndi nsima zonse pamenepo, mita imayamba kuyenda pang'onopang'ono, vuto ndi mpamba wogulira silinda ndi sitovu poyamba, komanso malandilodi ena amakana poopa moto. Palafini alibe VAT kuno kuyambira 2001 ndipo ungagule wa ndalama zochepa, n'chifukwa chake osaukitsitsa amathera pamenepo, koma moto wambiri wa m'mikhukhu umayambira pa sitovu za palafini ndi makandulo. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ndiye ayi ndithu abale anga, utsi wake sununkha, anthu amangogona osadzukanso, chaka ndi chaka nyengo yozizira timamva maliro otere.

Madzi nawo

Kumadzi zosankha ndi zochepa poti kawirikawiri amakhala mu lendi kapena mumagawana bilu, koma nkhani yake ndi yomweyija ya kuwerenga mita m'malo mowerenga anthu. Malita 6,000 pa mwezi ndi malita 200 pa tsiku, anawerengera banja la anthu 8 kuti aliyense apeze 25. Khonsolo itayamba kuika mamita a prepaid a madzi ku Phiri, Soweto, pansi pa Operation Gcin'amanzi, anthu anakasuma, ndi uja umatchedwa mlandu wa Mazibuko. Pa yadi ya mayi amene dzina lake lili pa mlanduwo pankakhala anthu pafupifupi 20 kuphatikiza a lendi, ndiye kuti malita 10 pa munthu pa tsiku, kugejemula toileti kamodzi basi atha, ndipo akatha mpopi umangotseka wokha. Mu 2008 khothi lalikulu linawakomera n'kunena kuti munthu apatsidwe malita 50 pa tsiku, la apilo linatsitsa kufika 42, koma mu October 2009 Constitutional Court inagamula mokomera khonsolo, mamita a prepaid anakhala ovomerezeka.

Masiku ano vuto lakula ndi loti madziwo palibe n'komwe. Johannesburg Water imagula kwa Rand Water, ochokera ku Vaal Dam ndi ku mapiri a Lesotho, koma pafupifupi theka la madzi amenewa silibweretsa ndalama, ambiri akungotayika m'mapaipi okalamba, ena sakulipiridwa. Madera okwera ngati Brixton, Crosby, Hursthill, Westbury ndi Coronationville ndi amene amayamba kuuma n'kumalizira kulandira. Wa ndalama waika thanki ndi pampu kapena wakumba mjigo, wa bakirumu akudikira galimoto ya madzi ndi zigubu, ataweruka ku ntchito mochedwa n'kupeza yapita kale. Nde chipinda cha pamwamba pa fulati kudera lokwera olo chitchipe bwanji, funsani aneba kaye kuti madzi amafika kangati pa sabata, landilodi sangakuuzeni.

Amene tinakulira ku Ndirande, Mtandire kapena Chinsapo tikudziwa njira ina, ya makiyosiki oyendetsedwa ndi ma Water Users Association. Ubwino wake sifunsa kuti nyumba ndi yako kapena uli ndi chitupa chanji, wabwera ndi ndowa ndi ndalama watunga. Koma nthawi zambiri ukawerengera pa lita, wa pa kiyosiki amalipira zambiri kuposa wa mpopi wa m'nyumba, kuonjezapo mzere ndi kusenza. Mipopi ya onse ya m'mikhukhu ya kuno ndi yaulere, apo aposa kwathu, koma ikaonongeka palibe mwini wake woithamangira.

Nanga zikuluzikulu zija timamva pa nkhani, zogawa Eskom patatu? Ramaphosa analengeza mu February 2019, kampani ya mawaya aakulu, NTCSA, inayamba kugwira payokha mu July 2024, ndipo mu bajeti ya 2023 boma linasenza R254 biliyoni ya ngongole ya Eskom. Makampani apadera analoledwa kupanga magetsi awo popanda malire a laisensi amene analipo kale. Ife a ku Malawi tinaziona kale, ESCOM inagawidwa, EGENCO n'kuyamba kupanga magetsi payokha mu January 2017, kenako kunabwera sola ya JCM ya 60 MW ku Salima mu 2021. Zinathandiza kubweretsa opanga magetsi atsopano, sindikana, koma namondwe Ana atagumula Kapichira mu January 2022 mdima unali womwewo, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 ndi zimene zinkaunikira magetsi. Kugawa kampani kumakonza za kumtunda, ndani akupanga, ndani akugula kwa ndani. Za pakhomo, ndalama yolumikizira, mtengo wa yunitsi yoyamba, msonkho wa mwezi ndi mwezi, zimagamulidwa kwina, ndipo kawirikawiri kusintha kotere kumabwera ndi mawu oti mtengo ufanane ndi zimene kampani yawononga, amene tanthauzo lake ndi kukwera. Kwa ine pulogalamu ngati Ndawala ya ESCOM, yokulumikizira kaye iwe n'kumabweza pang'onopang'ono pogula mayunitsi, imakhudza wosauka mwachindunji kuposa kusintha mayina a makampani. Kuno chofanana nacho chikanakhala kupereka mita yovomerezeka pa khomo lililonse la bakirumu, kuti masitepe aja aziwerengera banja osati yadi, koma khonsolo ikatero ndiye kuti yavomereza zipinda zimene zambiri zinamangidwa popanda pulani, nde imangoyang'ana kumbali.

Mukandifunsa kuti ndisankhe, banja la ana lophika tsiku ndi tsiku lisake mita yakeyake olo ili ndi R230, chifukwa mukamadya mayunitsi 200 kapena 300 pa mwezi kukhala pa sitepe yotchipa popanda wapakati kumabweza ndalama imeneyo mbali yaikulu, ndipo kudera la Eskom R230 ya City Power kulibe. Ikasowa, sabumita kuphatikiza gasi. Wosakwatira wongobwera kudzagona, zonse mu lendi zili bwino bola landilodi akhale woti amakhala pa yadi pomwepo, chifukwa akadula naye ali mumdima, pomwe wokhala kutali sizimukhudza. Kusonkherana pa mita imodzi ndimakuika pansi pa zonsezi kupatula ngati muli mabanja awiri okha ogwirizana.

Ndipo pokaona chipinda musachite manyazi kupempha risiti ya tokeni yaposachedwa, ya landilodi kapena ya amene akutulukayo. Pamenepo pamalembedwa ndalama imene yaperekedwa, mayunitsi amene atuluka ndi zimene zadulidwa, gawani ndalamayo ndi mayunitsi mupeze mtengo wa yunitsi imodzi, mufananize ndi wa mnzanu amene ali ndi mita ya City Power kapena Eskom kudera lomwelo. Yang'ananinso dzina la kampani pa risitipo, ndi limene likuuzeni ngati ili mita yeniyeni kapena sabumita. Landilodi akayamba kuzungulirazungulira kuti risiti anataya, kapena akuti bokosi la mita kiyi wake ali ndi mwana wake amene kulibe, kaoneni chipinda china.